Tambala wa Chinkhoswe Amene Ndinamulemba ndi Maka

Kwathu ku Mwanza ena amadziwika ndi manachesi, ena ndi kusintha ndalama pa boda. Ine ndimadziwika ndi tambala. Nkhani yake ndi yochititsa manyazi, moti mkazi wanga akangoiyamba pagulu ndimapeza chifukwa chotulukira panja. Koma popeza aliyense amaifotokoza moipotoza, lero ndiifotokoze ndekha mwini manyaziwo.

Ntchito yanga ndi yomanga nyambo za nthenga. Musaseke, ndi ntchito. Umatenga mbedza, ulusi, nthenga za nkhuku ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi, n'kumanga kanthu kooneka ngati kansomba. Nsomba yeniyeni ikakaona m'madzi imati chakudya chafika, n'kumeza mbedza. Eni ake amati fulayi.

Anandiphunzitsa ndi a Bonifasi, dalaivala amene amanyamula alendo okawedza mcheni mu Zambezi ku Tete. Nthawi imeneyo ndinkathamanga ndi mapepala a magalimoto pa boda. Tsiku lina netiweki itagwa ndinawapeza akumanga fulayi pa boneti ya galimoto, ndipo ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka ndinaiwala fayilo ya bwana. Ntchito ya mapepala inathera pomwepo, ya nyamboyi n'kuyamba.

"Nthenga si nthenga chabe," ankatero a Bonifasi. "Ya thadzi ndi yofewa, imamwa madzi. Uzifuna ya tambala, ya pakhosi kapena ya pamsana chakumchira, yaitali, yoti ukaipinda ibwerere yokha. Ndipo mcheni amakonda mizere. Ukapeza kawangi, tambala wa mawanga akuda ndi oyera uja, wapeza golide. Ukasowa, tenga nthenga yoyera ulembe mizereyo ndi maka, cholembera cha inki chonenepa chija."

Anandipatsa mamaka awiri, wakuda ndi wofiira, pamodzi ndi lamulo.

"Usamakhulupirire zolembedwa pa maka. Onse amati permanent. Lemba pa nthenga, udikire iume, uiviike m'kapu ya madzi, uitikite ndi zala. Chala chikada, maka ameneyo ndi wa ana a sukulu."

Lamulo limenelo ndinaligwira bwino, ndipo fulayi zanga zinayamba kuyenda. Ndipamene ndinalimba mtima kufunsira Esnati.

Esnati anavomera msanga. Vuto linali malume ake, a Zuze, amenenso anali nkhoswe yake. A Zuze anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ali mnyamata, anakhazikika m'mudzi wina pafupi ndi boda, ndipo amakonda nkhuku kuposa anthu. Nditawafotokozera za ntchito yanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndiye mukuti mumamata nthenga pa mbedza, anthu n'kumagula?"

"Ee, bambo."

"Anthu ake akuluakulu?"

Chinkhoswe anachilola, koma nkhope yawo inali ya munthu amene walola kubwereketsa njinga kwa wosadziwa kupalasa.

Kutatsala sabata kuti chinkhoswecho chichitike, amalume anga a Layisoni anatulukira kuchokera ku Thambani pa kabaza, tambala ali kukhwapa. Mukudziwa kuti pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza msoti, ndipo palibe malume amene amafuna kuonekera ndi katambala konyozeka.

"Uyu ndamusankha ndekha," anatero amalume. "A Zuze ndawauza kale kuti tikubweretsa kawangi woti sanamuonepo. Kwanu kuno n'kufupi ndi kumwambo, umusunge. Ndibwera Loweruka m'mawa."

Atachoka ndinamuyang'ana tambalayo bwinobwino. Nthenga zake za pakhosi zinali zazitali, zowonda, mizere yake yolongosoka kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Chiyambire ntchitoyi ndinali ndisanaone nthenga zotero. Ndipo sabata yomweyo a Bonifasi anaimba foni kuti akufuna fulayi zambiri mwachangu, ali ndi alendo ovuta.

Ndinati ndingobwereka nthenga ziwiri, tambala sangadziwe. Fulayi imene inatuluka inali yokongola moti kuisiya yokha kukanakhala kuichitira nkhanza. Ndinabwerekanso zinayi. Kenako ndinaona kuti khosi lapendekeka, mbali imodzi yachepa, ndiye ndinafunika kulinganiza mbali inayo. Kulinganizako kunapitirira masiku angapo.

Pofika Lachinayi, a Bonifasi anali atanyamula fulayi zawo akuimba mluzu, ndipo kuseri kwa nyumba kunali tambala wa khosi lambee ngati kameta. Akati alire, unkaona mawu akudutsa pammero. Ndinakhala pansi ndi kugwira mutu. Kumupereka tambala ameneyo kwa a Zuze kunali kofanana ndi kuwauza kuti mwana wawo akupita kwa munthu wosatha kusunga ngakhale nkhuku.

Lachisanu ndinazungulira msika wonse kufuna kawangi wina. Analipo mmodzi, koma kakang'ono, kodwaladwala. Wamkulu bwino amene ndinamupeza anali woyera mbuu. Ndinamugula ameneyo ndisakudziwa kuti ndikamuchita chiyani, ndipo nzeru inandipeza panjira. Ngati nthenga yoyera imalembeka ili pa tebulo, ingakane bwanji ili pa mwini wake?

Ndinamumanga miyendo, ndinamukhazika pamiyendo panga kuseri kwa nyumba, ndi kuyamba. Nthenga imodziimodzi, masana onse. Poyamba anakana, kenako anangogona ngati munthu ali kwa ometa. Vuto ndi loti dzanja linazolowera fulayi. M'malo mwa mawangamawanga a kawangi wamba, ndinalemba mizere yoongoka bwino, yotalikirana mofanana. Ndipo ndisanadzigwire ndinali nditapaka kofiira pansi pa khosi, chifukwa mcheni amakonda pammero pofiira.

Inki itauma ndinamuthira madzi a m'kapu, ndi kumutikita. Zala zinatuluka zoyera. Ndinanyadira ngati ndapambana mayeso. Kawangi weniweni uja anathera mumphika madzulo omwewo, mwaulemu wonse.

Loweruka m'mawa amalume anafika atavala jekete. Anamuzungulira tambalayo kawiri, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Iwe, wakhala ukumudyetsa chiyani?"

"Madeya basi, amalume. Ndi tiusipa pang'ono."

"Kofiiraka kanalipo?"

"Mwina mphepo ya kuno yamuyanja."

Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinadziwa ine kuti tambala ameneyu ali ndi tsogolo."

Mwambo unayenda bwino. Anthu anavina, anafupa, atsikana anabwera atafunditsidwa zitenje ndipo Esnati ndinamuzindikira msanga. Itakwana nthawi ya nkhuku, amalume anatulutsa tambala mudengu n'kumukweza m'mwamba. A Zuze anadzuka pampando, anamulandira ndi manja awiri, anamutembenuza uku ndi uku, anatambasula phiko.

"Epa," anatero motsitsa. "Ndasunga nkhuku moyo wanga wonse, kuno ndi kwathu komwe. Mtundu uwu sindinauonepo."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Koma amalume anga akatamidwa sadziwa mabuleki.

"Ndi mtundu wa kwathu ku Thambani, kumapiri uko. Atsala ochepa kwambiri."

Ine ndinkangoti bola amuphe msanga, amusosole, nkhani ithe. Ndiye ndinamva a Zuze akulengeza pamaso pa anthu onse kuti tambala ameneyu mpeni sumukhudza. Amusunga akhale mbewu.

Za tsiku la ukwati anati tikambirana. "Tione kaye ngati nthenga zimadyetsa banja," anatero, akusisita nthenga zomwe ndinalemba ndekha.

Zimene a Bonifasi sanandiuze n'zoti maka wabwino amapirira madzi koma sapirira moyo wa nkhuku. Fulayi imakhala m'bokosi. Tambala amakhala padzuwa, amasamba fumbi, amamenyana ndi anzake, ndipo nthenga ikathothoka imamera ina yoyera, yosadziwa chilichonse. Patapita masabata awiri ndinapita kukacheza, ndipo ndinamupeza mizere itayamba kutuwa, paphiko patatuluka kachigamba koyera.

Esnati anandipeza kuseri kwa nkhokwe, tambala ali pakati pa mawondo anga, chivindikiro cha maka chili kukamwa.

"Davie, ukutani?"

Ndinalavula chivindikirocho n'kumuuza zonse. Anayamba wakwiya, kenako anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, atatseka pakamwa ndi chitenje. Atamaliza anandiyang'ana, maso asakusekanso.

"Amalume akadziwa, ukwati uiwale. Iwo amakhululuka zambiri, koma osati kuwapusitsa pa nkhuku."

"Ndiye nditani?"

"Wasiya poyera apa. Lemba msanga, ndikuonera njira."

Kuyambira pamenepo ndinakhala mkamwini wachitsanzo. Sabata iliyonse ndinali kwa apongozi, maka ali m'sokosi. Ndinkapempha ndekha kusesa khola. Mayi ake a Esnati ankauza anzawo kutchalitchi kuti sanaonepo mnyamata wokonda ziweto chonchi. Ngakhale a Zuze anayamba kundipatsa mpando wokhala ndi chotsamira, koma ndikangotchula za tsiku ankati, "Pang'onopang'ono, akamwini."

Mbiri ya tambala inafalikira. Anthu anayamba kubweretsa mathadzi awo kuti adzakhale masiku angapo pakhomo pa a Zuze. Iwo sankalipiritsa, ankati mphatso ya Mulungu sagulitsa, koma mtedza ndi manachesi sizinkasowa pakhonde. Ankakhala pamenepo mwendo uli pa unzake, akufotokozera alendo mbiri ya mtunduwo. Pofika mwezi wachiwiri mtunduwo unali utachokera ku mafumu akale, ndipo unkadana ndi chitopa.

Kenako anapiye anaswa. Anakula, anamera nthenga, ndipo ambiri anali oyera ngati ufa. A Zuze anandiitana kukhola.

"Akamwini, inu mukuudziwa mtunduwu kwanu. Bwanji ana sakufanana ndi bambo wawo?"

Pamenepo khomo lonenera zoona linali lotseguka, ndikanatha kutulukira. Koma ndinaona Esnati akusinja chapatali, ndipo ndinaopa kumutaya.

"Mtundu umenewu umabadwa woyera, bambo. Mizere imabwera pambuyo."

Mukaganiza bwino, silinali bodza kwenikweni. A Zuze anakhutira, ndipo anauza eni mathadzi onse kuti adekhe, mizere ili m'njira.

Tsoka linabwera pamene maka wakuda uja anauma. Ndinamugwedeza, ndinamunyowetsa ndi malovu, ndinamuimika chadodolido, koma anali atatha. A Bonifasi anali ku Tete ndipo foni yawo sinkapezeka. Tsiku lomwelo Esnati anaimba kuti tambala wayamba kuyoyola nthenga kwambiri, ndipo Lamlungu kukubwera bambo wina wochokera ku Zobue, mnzawo wa a Zuze wa paubwana, kudzaona yekha.

Ndinathamangira pa boda, kwa mnyamata wina wogulitsa mabatire, maloko ndi zolembera pa kathebulo. Anatulutsa maka wonenepa, wolembedwa Chipwitikizi.

"Ameneyu sachoka?"

"Achimwene, awa amalembera makontena a panyanja ku Beira. Mukalemba lero, adzawerenga zidzukulu zanu."

Kapu ya madzi inali kunyumba, nthawi inali itatha, ndipo makayo ankanunkha mwamphamvu ngati chinthu chodalirika. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito ndinadumpha lamulo la a Bonifasi. Ndinapita molunjika kwa apongozi, ndinasesa khola, ndinalemba phiko lonse ndi theka la khosi. Zinaoneka bwino kuposa kale.

Mawa lake mvula yoyamba inagwa. Anthu onse anasangalala, anatulutsa makasu ndi mbewu. Ine ndinaima pakhomo kuyang'ana madzi akutsika padenga. Ndinatenga nthenga yoyera, ndinalemba ndi maka watsopano uja, ndinaiika pansi pa madontho. Inki inatsika ngati ikuthawa ngongole, ndipo chala changa chinasanduka chapepo.

Foni inalira. Sanali Esnati. Anali a Zuze eni ake, amene chiyambire anali asanandiimbirepo.

"Akamwini, tabwerani. Mubwere nokha."

Njira ya kumudzi kuja ndinaiyenda ngati ndikupita kukhoti. Ndinaganiza za Esnati, za msoti umene anatipatsa, za amalume a Layisoni akamva. Kunena zoona ndinalira pang'ono pa mlatho, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda, ndipo ndinali nditamutaya chifukwa cha nthenga.

A Zuze sanandipatse mpando. Ananditsogolera kuseri kwa nkhokwe, komwe kunali dengu lovundikira pansi, mwala uli pamwamba. Anayang'ana uku ndi uku, anachotsa mwala, anatukula dengu.

Tambala anatuluka monyada ngati kale. Mbali ya kumanja inali ndi mizere yake yakale, yotuwa koma yooneka. Mbali ya kumanzere inali yapepo kuyambira pakhosi mpaka kumwendo. A Zuze anatambasula manja awo. Zikhatho zonse zinali zapepo, ndiponso malaya awo pachifuwa.

"Ndimati ndimuthawitse mvula," anatero. "Tandiuzani, akamwini. Ku Thambani nkhuku zimasuluka?"

Ndinagwada pamatope pomwepo n'kufotokoza zonse, kuyambira nthenga ziwiri zoyamba zija. Sanandidule. Nditamaliza anayang'ana tambala akutola chiswe, kenako anandifunsa.

"Ndiye mukuti nthenga iliyonse munalemba ndi dzanja?"

"Ee, bambo."

"Miyezi yonseyi?"

"Sabata iliyonse, bambo."

"Ine n'kumati mumakonda kusesa." Anapukusa mutu. "Mukudziwa anthu angati abweretsa mathadzi pano? Mukudziwa zimene ndinanena kutchalitchi? Amayi a abusa ali ndi anapiye akudikira mizere. Ndipo mawa mnzanga akuwoloka boda ndi nkhuku yake kukhwapa."

"Ndiwauza ndekha, bambo. Mlandu ndi wanga."

"Muwauza chiyani? Kuti Zuze, amene amaphunzitsa anthu za nkhuku, wakhala akuweta chithunzi?" Anatsitsa mawu. "Maka woyamba uja, wosachokayo, angapezeke?"

Ndinakweza mutu. Ndinati a Bonifasi mwina adutsa pa boda masana omwewo, ndiyesanso kuwaimbira. Mwamwayi foni inalowa, ndipo analidi panjira. Ndinathamanga kukawadikira, ndinabwerera ndi maka watsopano, ndipo ulendo uno a Zuze anabweretsa okha kapu ya madzi. Anaviika nthenga, anaitikita, anayang'ana chala chawo padzuwa.

Tambala tinamusambitsa ndi sopo mpaka pepo yense anachoka, tinamuumitsa pafupi ndi moto wa kukhitchini. Kenako nkhoswe ya mkazi wanga inakhala pa mtondo, inagwira tambala miyendo, ine ndikulemba. Esnati anaima pakona kuonera njira, mapewa akugwedezeka.

"Apa mwapindika," ankatero a Zuze. "Kofiirako onjezerani, mnzangayo ndinamuuza kuti n'kowala."

Titatsala pang'ono kumaliza anayankhula osandiyang'ana.

"Dzanja muli nalo, akamwini. Ngati munanamiza ine, nsomba ilibe mwayi. Mwanayu sagona ndi njala."

Ndinangopitiriza kulemba, maso atadzaza madzi.

"Koma ine sindingagwire nkhuku miyendo sabata iliyonse mpaka kufa. Tambala ameneyu ayenera kuchoka, ndipo sindingamuphe popanda chifukwa, anthu adzafunsa. Tambala wotere amafera chinthu chachikulu." Anamutembenuza kuti ndilembe mbali ina. "Muwauze a Layisoni abwere. Ukwati ukhale mwezi wamawa, mvula isanamuvule kachiwiri."

Esnati anasiya kuonera njira n'kuthamangira kukhitchini kukauza mayi ake. Ine ndinasangalala kwambiri, koma chinthu chimodzi chinkandivutabe.

"Nanga anapiye a anthu aja, bambo? Akudikiratu mizere."

A Zuze anandiyang'ana ngati mwana wosachedwa kuiwala.

"Inu simukuudziwa mtundu wa kwanu? Mizere imatuluka pokhapokha bambo wawo ali moyo."

Mnzawo wa ku Zobue anabwera, anaona, anagoma. Ukwati unachitika, ndipo a Zuze anamusosola okha tambalayo kuseri, osalola aliyense kuyandikira. Paphwando anaimirira n'kunena kuti apereka chuma chawo chachikulu chifukwa chokonda mwana wa mlongo wawo, ndipo anthu anawaombera m'manja kuposa mmene anaombera ife. Amayi a abusa atalawa nyamayo anatseka maso n'kunena kuti mtundu umenewu umamveka ngakhale pa lilime. Amalume a Layisoni anavomereza, n'kuwonjeza kuti ku Thambani tsopano kulibenso ngakhale mmodzi.

Choncho abale, maka muziyamba mwamuviika m'madzi, ndipo ngati mwaganiza zonamiza apongozi, sankhani amene adzitama kale pagulu.